Kodi ndikakhalitsa kuphiri lalitali, magazi anga adzafanana ndi a eni kumeneko?

Owerenga athu ena atilembera imelo. Akupita kukagwira ntchito zaka ziwiri ku La Paz, m'dziko la Bolivia, ndipo afunsa kuti: "Ndamva kuti anthu a kumapiri ali ndi magazi osiyana ndi a anthu a kuzigwa. Kodi ndikakhalitsa thupi langa lidzakhala ngati lawo? Nanga mwana atabadwira komweko?"

Thupi lanu lidzasintha ndithu, koma silidzafanana ndi lawo. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mpweyawo.

Anthu amakonda kunena kuti kuphiri okosijeni ndi wochepa. Zoona zake n'zakuti mumpweya muli okosijeni magawo 21 pa 100 alionse, kaya muli m'mphepete mwa nyanja yamchere kaya pansonga ya phiri. Chimene chimachepa ndi kulemera kwa mpweya umene uli pamwamba panu, umene umakankhira okosijeniyo kuchoka m'mapapo kulowa m'magazi. Kunyanja yamchere kulemerako ndi 1,013 hPa (hPa ndi muyeso wa kulemera kwa mpweya). Ku La Paz, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,600, ndi cha m'ma 650. Ndiye kuti mukakoka mpweya kamodzi, mukulandira magawo awiri okha mwa atatu a okosijeni amene mungalandire m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mudzaonera pa poto: madzi amawira asanafike madigiri 90, ndipo chakudya chimachedwa kupsa.

Maola oyamba mudzapuma mofulumira, mtima n'kumagunda msangamsanga. Mudzakodzanso pafupipafupi, zimene zimachepetsa madzi m'magazi. Kenako impso zimatulutsa homoni yotchedwa EPO, imene imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira ochuluka. Pakatha milungu ingapo hemogulobini wanu, chinthu cha m'maselo ofiira chimene chimanyamula okosijeni, amakhala atakwera. Koma kumeneku n'kuzolowera chabe. Mukadzatsika, zonsezi zimabwerera mwakale pakangopita milungu, ndipo palibe chimene mungapatsire mwana.

Komanso kuchuluka kwa maselo ofiira kuli ndi vuto lake. Akachulukitsa, magazi amalimba ngati phala, mtima n'kumavutika kuwapopa. Dokotala wa ku Peru, Carlos Monge, anafotokoza matendawa m'zaka za m'ma 1920, ndipo mpaka pano amatchedwa ndi dzina lake. Wodwala amamva mutu, chizungulire ndi kutopa, milomo imachita bii, ndipo hemogulobini amafika magalamu 21 pa mamililita 100 a magazi kwa amuna, kapena 19 kwa akazi. Amagwira anthu amene akhala kumtunda zaka zambiri, ngakhale eni a kumapiri a Andes, kumene kuli La Paz.

Nayi nkhani yaikulu: "anthu a kumapiri" si gulu limodzi. Katswiri wa ku America, Cynthia Beall, anayerekezera anthu a ku Andes ndi a ku Tibet, kumapiri a ku Asia, okhala pamtunda wofanana. A ku Andes ali ndi hemogulobini wokwera. A ku Tibet ayi: wawo sasiyana kwenikweni ndi wa munthu wa kuchigwa. M'malo mwake amapuma mpweya wochuluka pa mphindi iliyonse, ndipo m'thupi mwawo muli mpweya wotchedwa nitric oxide wambiri, umene umatanula mitsempha kuti magazi aziyenda bwino. Matenda a Monge ndi osowa pakati pawo. Aamhara a kumapiri a ku Ethiopia nawonso hemogulobini wawo sakwera kwambiri, koma majini (malangizo a m'maselo otengera kwa makolo) amene akuwathandiza ndi ena. Phiri n'lomwelo, mpweya ndi womwewo, koma matupi anapeza njira zosiyana.

Mu 2010 ofufuza anapeza kuti jini yotchedwa EPAS1, imene imalamula zimene thupi limachita okosijeni akachepa, ili ndi mtundu wake wapadera ku Tibet. Mtunduwo unapezeka pa magawo 87 pa 100 pakati pa anthu a ku Tibet, koma magawo 9 okha pakati pa Achitchaina a fuko la Han. Mu 2014 kunadziwika kuti unachokera kwa anthu akalekale otchedwa Denisovan, amene anakwatirana ndi makolo a anthu a masiku ano. Taonani manambalawo bwino: si 100 ndi 0. Kusiyana kwa anthu malinga ndi malo kumakhala kotero nthawi zambiri; chimasiyana ndi kuchuluka kwa anthu amene ali ndi jiniyo, osati kuti pali mzere wodula pakati. Amayi amene mimba zawo zinkayenda bwino kumtunda ankasiya ana ambiri amoyo, ndipo pamibadwo yambirimbiri jiniyo inafala.

Za mwana: majini adzatenga kwa inu makolo, osati kuphiri. Akakulira komweko mapapo ake angakule pang'ono kuposa anu, poti thupi la mwana limaumbika ndi malo. Koma dziwani kuti ana obadwira kumtunda amachepa sikelo ndi magalamu pafupifupi 100 pa mamita 1,000 alionse, ndipo amayi ochokera kuchigwa ndiwo amakhudzidwa kwambiri kuposa eni malo. Sikelo musaiphonye.

Bwalo la ndege la El Alto, pamene mudzatere popita ku La Paz, lili pamtunda woposa mamita 4,000, choncho mudzafika mwadzidzidzi thupi lisanakonzeke. Masiku awiri oyamba yendani pang'onopang'ono, mowa ndi mankhwala ogonetsa musakhudze. Mutu, mseru ndi kusowa tulo zimayamba pakatha maola 6 mpaka 12. Zikatero musakwerenso mpaka zitatha. Mukadzapita kumapiri okwera kuposa pamenepo, malo ogona asamakwere kupitirira mamita 500 pa usiku umodzi. Adokotala angakulembereni mankhwala othandiza thupi kuzolowera kumtunda otchedwa acetazolamide, mamiligalamu 125 kawiri pa tsiku, kuyambira kutatsala tsiku limodzi kuti munyamuke. Koma mukayamba kudzandira, kusokonezeka mutu, kubanika mutangokhala, kapena kutsokomola thovu losakanikira magazi, ndiye kuti ubongo ukutupa kapena m'mapapo mwalowa madzi. Landirani okosijeni ndipo tsikani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Ngati kubanja kwanu kuli matenda a magazi a sickle cell, kayezetseni musananyamuke, chifukwa ngakhale munthu amene anangotengera jini imodzi, kapamba wake angavulale pamtunda wotere.