Thupi likuyabwa chiyambire mankhwala opopera m'kamwa

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ku Dwangwa. Ndawamba nsomba zaka zambiri ndipo kuchipatala anati utsi unandiwonongera mapapo. Anandipatsa mankhwala opopera m'kamwa, kabuluu ndi kabulauni. Tsopano thupi likungoyabwa, makamaka usiku. Kodi ndisiye?

Yankho: Pepani mayi, koma chonde musasiye musanaonane ndi amene anakulemberani. Kabuluu kaja ndi salbutamol, amene amatsegula njira za mpweya mukabanika. Kabulauni ndi beclomethasone, amene amachepetsa kutupa m'mapapo pang'onopang'ono. Mukasiya, phuma likhoza kubwerera mwamphamvu.

N'zoona, onse awiri angathe kuyabwitsa khungu kapena kutulutsa ziwengo ngati thupi silikugwirizana nawo, koma zimenezi sizichitikachitika. Zikachitika, nthawi zambiri zimayamba mutangopopera kumene. Ngati milomo, lilime kapena nkhope zatupa, kapena kupuma kwafika pothina mutapopera, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Chimene chandikhudza m'kalata yanu ndi kuyabwa kwa usikuko. Ine ndikanayamba ndaganizira mphere. Yang'anani pakati pa zala, m'mikono pafupi ndi dzanja, m'chiuno momwe mumamangira chitenje ndi kunsi kwa mabere. Muli timatuza kapena timizere tating'ono? Nanga adzukulu amene mumagona nawo pamphasa imodzi akudzikandanso? Ngati ndi choncho, mankhwala opoperawo alibe mlandu. Mphere imatha ndi benzyl benzoate wopaka thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, koma apake onse a m'nyumbamo tsiku limodzi, ndipo zofunda ndi zovala zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa. Kuyabwako kumatha kupitirira milungu ingapo ngakhale tizilombo titafa.

Palinso kuuma kwa khungu, makamaka m'miyezi ya June ndi July mwera ukamawomba. Sopo wochapira zovala musasambire, ndipo mukangotuluka kubafa dzolani Vaseline thupi lisanaume. Ngati mumamwa Bactrim, ma ARV kapena mankhwala a TB, awuzeni adokotala, chifukwa amenewa ndiwo amayabwitsa kawirikawiri kuposa opopera. Kuyabwa kotenga nthawi popanda chotuluka pakhungu kumafunanso kuyeza shuga, impso ndi chiwindi.

Popita kuchipatala cha boma ku Nkhotakota kapena chapafupi nanu, nyamulani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse, azitsamba omwe. Mukawauze chimene chinayamba: kupopera kapena kuyabwa? Akaona kuti vuto ndi mankhwalawo, angathe kukusinthirani ena.

Pakadali pano, mukapopera kabulauni muzichukucha m'kamwa n'kulavula, kuti musatuluke zoyerayera pa lilime kapena kusasa mawu. Piriton amachepetsa kuyabwa koma amagonetsa, ndiye musamwe pamene mukukagwira ntchito pafupi ndi moto.