Kuyamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba: yankho kwa mayi a ku Area 25

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti alowa m'nyumba yawoyawo, kuseri kwatsala kamalo mkati mwa mpanda, nde akufuna ayambe kuweta nkhuku kuti ana azidya mazira, zina azigulitsako. Anzawo a ku banki mkhonde awauza kuti angogula anapiye oyera 100, pakatha masabata 6 ndalama yabwera. Funso lawo ndi loti ayambe ndi zoyerazo kapena za lokolo, nanga akonzekere chani poti sanawetepo chibadwire.

Mayi, zikomo polemba. Ine ndikuuzani mosabisa, anapiye 100 oyerawo musayambe nawo. Sikuti bizinesi yake ndi yoipa ayi, anthu akudyera momwemo, koma nkhuku yoyera sidzifunira yokha chakudya, chilichonse ndi inuyo, ndipo imodzi pofika masabata 6 imakhala itadya makilo pafupifupi 4 a fidi wogula, nde 100 ndi matumba 8 a makilo 50, osawerengera makala a pa mbaula oti anapiye aziwotha usiku masabata awiri atatu oyambirira magetsi akathima. Zikakula sizidikira kuti mupeze kasitomala, tsiku lililonse lomwe zakhala m'khola zikudya phindu lanu lomwelo, mapeto ake mumayamba kukongoza anthu kuti adzapereka pakutha pa mwezi. Zimenezo mudzazichite mukazolowera nkhuku komanso mukadziwa ogula anu.

Yambani ndi misoti 5 kapena 6 ndi tambala mmodzi. Za lokolo zikhalepo ndithu chifukwa ndi zopirira komanso zimafungatira bwino. Ngati mungapeze za mikolongwe sakanizanipo ziwiri zitatu, zakuda zija, dzina lake lenileni ndi Black Australorp koma tinangozipatsa dzina la famu ya boma ya ku Mikolongwe ku Chiradzulu. Zimakula thupi, zimaikira kwambiri kuposa za lokolo, kungoti si zonse zimakhala pa mazira, nde mazira akewo mumaikira thadzi la lokolo kuti liswe.

Koma nkhani yaikulu yomwe ndikufuna muimve bwino ndi ya chitopa. Ndinayamba kuweta ndi nkhuku zinayi, zinaswana mpaka kufika 20, ndiye mwezi wa Okutobala chaka china ndinagula tambala wokongola pa msika wina, kufika naye kunyumba nkumuponya m'khola madzulo omwewo. Patatha masiku asanu nkhuku zinayamba kuodzera, mapiko kugwa ngati zavala jekete, chitosi chobiriwira, zina khosi kupindika nkumazungulira pamalo amodzi. Ndinathira tsabola m'madzi, alovera, makapisozi omwe aneba anandipatsa, palibe chinathandiza. Sabata ziwiri zisanathe ndinatsala ndi zitatu. Mpaka lero ndikakumbukira m'mawa womwe mwana wanga anatsegula khola nkupeza thadzi lomwe ankaliti ndi lake litafa pamwamba pa mazira, mtima umandiwawa.

Chitopa ndi kachilombo ka vairasi, kakalowa palibe mankhwala ochiza, ndipo kamavuta kwambiri nyengo yotentha kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Chomwe chilipo ndi katemera basi. Wabwino kwa ife oweta zochepa ndi wa I-2 yemwe amapangidwa konkuno ku labotale ya boma ya za ziweto ku Lilongwe, amadontheza dontho limodzi m'diso mwa nkhuku iliyonse, yaikulu ngakhale kamwanapiye kongoswedwa kumene, ndipo mumabwereza pa miyezi inayi iliyonse, ambiri amatsata Malichi, Julaye ndi Novembala. Amapirirako kutentha kuposa katemera wina wotchedwa La Sota wothira m'madzi akumwa koma musamusiye padzuwa, ndipo botolo likatsegulidwa ligwire ntchito mkati mwa masiku awiri atatu. Limakwanira nkhuku zambirimbiri, nde gwirizanani ndi aneba onse oweta mutemere tsiku limodzi, zimathandizanso inu nomwe chifukwa chitopa cha kwa aneba sichiona mpanda. Musadikire kumva kuti kuseriko nkhuku zayamba kufa, katemera amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire, ndipo yodwala kale sitemeredwa. Nkhuku iliyonse yachilendo, kaya mwagula pa msika kaya ndi mphatso ya apongozi yomwe yabwera pa minibasi kuchokera kumudzi, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Yofa ndi matenda kwirirani mozama kapena otchani, osapatsa agalu, amakokera nthenga ndi matumbo paliponse.

Khola limangidwe nkhuku zisanabwere, osati zizigona kaye kukhitchini. Kaya la njerwa kaya lam'mwamba la mitengo, chachikulu lisadonthe ndipo mphepo izidutsa, mazenera akhale aakulu otchinga ndi waya wa maso ang'onoang'ono chifukwa likongwe amalowa pa kabowo koti simungakhulupirire, makoswe nawonso amatha anapiye. Pa sikweya mita imodzi nkhuku zazikulu zisapose zinayi. Pansi thirani utuchi kapena mankhusu a mpunga, ikanimo mitengo yopingasa yoti zizigonapo, zisa zikhale ku ngodya ya kamdima. Loko wabwino pa chitseko musaiwale, makamaka Khirisimasi ikamayandikira. Utitiri umabwera ndi uve komanso udzu wakale wa m'zisa, thadzi likangoswa otchani udzuwo nkuwaza phulusa, ukachuluka pitani kwa ogulitsa mankhwala a ziweto akupatseni waufa wothira m'khola. Phulusa lomwelo kuzunguliza khola limathandizanso linthumbu nthawi ya dzinja. Zitosi musataye, ziunjikeni ziwolerane, ndi manyowa amphamvu zedi pa mpiru ndi tomato.

Pa zakudya pali bodza lomwe anthu ambiri timakhulupirira loti nkhuku ya lokolo siidyetsedwa. Kumudzi inde imayenda tsiku lonse kutola chiswe, ziwala, mbewu zotayika pa mtondo. Koma m'tauni mkati mwa mpanda wa njerwa itola chani? Ndipo mukaitulutsa ikathera m'dimba la aneba kapena pa msewu. Nde mudziwiretu kuti muzidyetsa. Madeya okha ndi ongokhutitsa, sakuza nkhuku ndipo mazira amachepa. Sakanizani ndi soya wokazinga nkugaya, wosakazinga amasokoneza m'mimba, kenako fumbi la usipa kapena bonya lomwe ogulitsa nsomba amasesa pansi pa thumba, kamchere pang'ono, ndi zikhokho za mazira zootcha nkusinja kuti mazira azilimba. Masamba otsala posadzula ndiwo, chammwamba, bonongwe, zonsezo muziponyamo. Madeya a chuku musapatse olo mutawapeza motchipa. Madzi aukhondo tsiku lonse, mu Okutobala muzisintha kawiri.

Za mazira a ana ndisakunamizeni. Msoti wa lokolo umayamba kuikira pa miyezi 6 kapena 7, umaikira 10 mpaka 15 nkukhalira masiku 21, kenako miyezi iwiri kapena kuposa ukulera ana, ndiye pa chaka mwina katatu kokha. Mathadzi asanu sangakupatseni dzira la mwana aliyense m'mawa uliwonse. Chomwe ndimachita ine, mathadzi awiri odziwa kulera ndimawasiyira mazira 10 lililonse, enawo ndimatola mazira tsiku ndi tsiku nkusiya limodzi lolembapo ndi khala kuti thadzi lisasamuke chisa. Apa ndi pomwe za mikolongwe zimathandiza. Anapiye akaswedwa musawasiye azitsatira mayi wawo pa mtetete, ambiri amafa masabata 6 oyambirira ndi akabawi, makhwangwala, mame ndi kuzizira. Atsekereni ndi mayi wawoyo m'kakhola kawokawo, agulireni fidi wa anapiye olo makilo ochepa, madzi aike m'chinthu chosazama muli timiyala kuti asamire. Mudzaona pa 10 akukula 8 kapena 9 pomwe kale ankakula atatu. Zipsolopsolo zikakula idyani kapena gulitsani, ya lokolo pa msika imadula kuposa yoyera, ndipo tambala muzisinthana ndi anzanu chaka chilichonse kuti asamakwere ana ake omwe, mtundu umafooka.

Kanthu kena, poti muli m'tauni yankhulani ndi aneba musanabweretse tambala, amayamba kulira 3 koloko ya m'bandakucha ndipo ena zimawanyansa kwabasi, komanso mukadzafuna kuchulukitsa mufunse ku khonsolo malamulo a zoweta m'dera lanulo.

Nde mwezi uno pitani kaye ku ofesi ya zaulimi yapafupi mukafunse alangizi a ziweto kuti katemera wa I-2 amabwera liti kwanuko, mutenge ndi nambala yawo. Misoti mugule kwa munthu woweta yemwe mungaone khola lake ndi maso anu nkumufunsa tsiku lomwe anatemera komaliza. Kholalo likafika pa mazenera nditumizireni chithunzi ndione kukula kwake musanakhome waya.