Kulephera, kulephereka ndi kukanika: mafunso a owerenga

Funso loyamba lachokera kwa mtsikana wa ku Balaka. Akuti: "Ndinalemba mayeso a MSCE koma Chingerezi chinandigwetsa, ndinapeza 9. Ndikufuna kulembanso ngakhale mtima ukugunda. Agogo akuti ndinalakwa mayeso, amalume akuti ndinalephera, anzanga akuti ndinafeila. Cholondola n'chiti?"

Onse atatu akunena Chichewa chomveka, mwanawe, koma sakunena chimodzi. Agogo akugwiritsa ntchito mawu amene amayenda ndi mnzake "kukhoza". Samu umaikhoza kapena umailakwa, ndipo wolakwa samu amapatsidwa mpata wokonza. "Kufeila" n'kobwereka, kwa pa bwalo la sukulu. Pocheza palibe vuto, koma musakulembe m'chimangirizo, oyesa a MANEB sangakusekerereni.

Mawu a amalume ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa. Mneni "lephera" sakonda kuima yekha. Ukangoti "walephera", Mchewa amafunsa kuti, "Walephera chiyani?" Munthu amalephera kudzuka, kulephera kubweza ngongole, kulephera phunziro limodzi mwa angapo. Inuyo munalephera Chingerezi, ndipo poti satifiketi ya MSCE imafuna kuti munthu akhoze maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezicho, phunziro limodzilo linatseka khomo. Masiku ano ndimamva anthu akuti "uyu ndi munthu wolephera", ngati kuti ndi mtundu kapena mfunda wake. Kayankhulidwe kameneka ine sindikakonda, ndipo m'makutu mwanga kamamveka kachilendo, chifukwa kamasiya chiganizo chili m'malere.

Taonaninso mmene misintho ya aneni imagawira mlandu. Mu msintho wochitika timati "ulendo walephereka", "ukwati unalephereka": chinthu sichinatheke, palibe amene akulozedwa chala. Mu msintho wochititsa timati "mvula yalepheretsa msonkhano", "kusowa kwa fizi kunamulepheretsa kulemba": chifukwa chake chatchulidwa poyera. Ndiye pali "kukanika", mawu amene ndimawakonda kwambiri. Mukati "Chingerezi chinandikanika", mwininkhani m'chiganizocho ndi Chingerezi, inu ndinu amene chinakukanani. Mlimi amati "chaka chino fodya wandikanika", kenako mwezi wa Ogasiti kapena Sepitembala muona akufesanso nazale kudambo. Wina akadzakufunsani za mayeso aja, sankhani nokha mneni wonena zoona pa zimene zinachitika.

Bambo wina amene akufuna kuyamba geni yogulitsa tomato ku Lilongwe wafunsa ngati tinene kuti "ndikuopa kuti ndilephera" kapena "ndikuopa kuti ndingalephere".

Chachiwiricho, bambo. Pambuyo pa "kuopa kuti" timaika -nga- ndipo mneni amathera ndi -e: "gwira mwanayo, kuopa kuti angagwe", "ndabisa ndalama kuopa kuti zingabedwe". Kachidutswa ka -nga- kamasonyeza kuti chinthucho chikhoza kuchitika kapena ayi. "Ndilephera" ndi kulosera, ngati mwaona kale mapeto a geniyo musanapikule ngakhale dengu limodzi. Anthu amanena ndithu, koma atanthauza kuti ataya kale mtima.

Funso lomaliza ndi la mphunzitsi wa ku Dedza amene akukonza mawu oti akayankhule kwa achinyamata. Walemba mutu wakuti "Kugonjetsa mantha a kulephera pothamangitsa maloto anu" ndipo akufunsa ngati uli bwino.

Aphunzitsi, mawu alionse m'mutumo ndi a Chichewa, koma mafupa ake ndi a chiyankhulo china. Kwathu kuno timathamangitsa mbuzi yolowa m'munda, kapena wakuba. Wothamangitsa maloto ndiye kuti akuwapirikitsa. Cholinga timachikwaniritsa, kapena timalimbikira mpaka chitatheka. "Maloto" pa tanthauzo la zimene munthu akufuna kudzakhala alowa kale m'kamwa mwa achinyamata ndipo sindilimbana nawo. "Masomphenya" nawonso anatuluka m'tchalitchi n'kulowa m'nkhani za chitukuko, makamaka kuyambira nthawi ya Vision 2020, ndipo pano tikuwamva pa Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021. Koma kwa mwana wa Fomu 3 amene akufuna kudzakhala namwino, "cholinga" chikukwanira.

Mantha nawo ali ndi aneni ake. Timachita mantha, mantha amatigwira, amatha, timawachotsa. Wothana nawo timati walimba mtima. Dziwaninso kuti achinyamata ambiri chimene amaopa si kulephera kwenikweniko ayi, koma kusekedwa: anthu adzati chiyani. Amenewo ndi manyazi, ndipo akuluakulu anatisiyira kale mwambi wake, wakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukautchula simudzafunika kuumasulira.

Mutu wanuwo ndikanaulemba motere: "Limbani mtima, musaope kuti mungalephere". Ngati mukufuna wachidule woti ukwane pa bolodi, "Yesani, musachite manyazi" ukukwana.