Mafuta sakutha, omwe akuchepa ndi osavuta kukumba aja

Achimwene, mwafunsa kuti ngati mafuta akutha padziko nanga bwanji akuti Venezuela yokha ili ndi migolo pafupifupi 300 biliyoni pansi pa nthaka, kodi akutinamiza? Ayi sakunama, koma pamenepa anthu timasakaniza zinthu ziwiri, mafuta amene ali pansi ndi mafuta amene mungathe kutulutsa patsiku.

Amene dziko linazolowera ndi opepuka aja, mukangoboola chitsime amakwera okha chifukwa cha mphamvu yapansipo, ndipo zitsime zimenezi zimakalamba. Katswiri wa za miyala M. King Hubbert ananena mu 1956 kuti America idzafika pachimake pa kutulutsa mafuta cha m'ma 1970, zinaterodi, mu 1970 anafika migolo 9.6 miliyoni patsiku kenako nkuyamba kutsika. Britain ku North Sea zinachitika mu 1999, Norway 2001, zitsime za ku Cantarell ku Mexico 2004. Bungwe loona za mphamvu padziko lonse la IEA mu 2010 linanena kuti mafuta amtunduwu anafika pachimake mu 2006. America inadzadzukanso ndi fracking (kuswa miyala yapansi ndi madzi amphamvu kuti mafuta atuluke) koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tsopano a ku Orinoco ku Venezuela, komwe kuli yambiri mwa migolo ija, ndi a ku Alberta ku Canada ndi olemera zedi, a ku Alberta ndi phula lenileni losakanikirana ndi mchenga, sayenda mupaipi ngakhale mutawanyengerera bwanji. Pamene ali pafupi ndi pamwamba, monga kufupi ndi tauni ya Fort McMurray, amachita kufukula ngati mgodi, zimagalimoto zikuluzikulu kututa mchengawo nkukautsuka ndi madzi otentha, ndipo matani awiri amchenga mumapezamo mgolo umodzi basi, malita 159. Koma ambiri ali pansi kwambiri ndiye amaboola zitsime ziwiri zogona, china pamwamba china pansi motalikirana mamita asanu, chapamwambacho amapoperamo nthunzi miyezi ndi miyezi mpaka phula lisungunuke nkumatsikira m'chapansicho. Nthunziyo amaiphika ndi gasi, ndiye taganizani, mukuwotcha mafuta kuti mupeze mafuta, madzinso akupita ambirimbiri, ndipo zimenezi ine zimandikhudza kwambiri chifukwa madzi otsukira aja amathera m'madamu akuluakulu apoizoni. Akatuluka muwasakanizenso ndi mafuta opepuka kuti ayende mupaipi, komanso si fakitale iliyonse yoyengera imene ingawalandire chifukwa ali ndi sulufule wambiri, nchifukwa chake amagulidwa motchipa pomwe kuwakumba kwake nkodula.

Ndiye mtengo ukangogwa ntchito zatsopano zimaima. Utagwa mu 2014, chaka chotsatira kampani ya Shell inasiya pulojekiti yake ya Carmon Creek ku Alberta itawonongapo kale ndalama zankhaninkhani. Venezuela yomweyo, ndi migolo yake yonse ija, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inkatulutsa pafupifupi 3 miliyoni patsiku koma pofika 2020 inali pansi pa 1 miliyoni, chifukwa cha kusayendetsa bwino kampani yaboma ya PDVSA, zilango za America, komanso kusowa mafuta opepuka osakanizira aja.