Alendo a m'masitima apanyanja sadzafika ku Songo, koma athu alipo

Achimwene, mwafunsa kuti anthu okwera masitima akuluakulu okaona malo aja amafuna chiyani kwenikweni, komanso ngati ife kuno ku Tete tingawakope kuti adzaone zachilengedwe zathu n'kutisiyira kangachepe. Ndikuyankheni mosapsatira.

Masitima ambiri otere omwe amakocheza ku Mozambique ndi a kampani ya MSC, onyamukira ku Durban m'miyezi ya dzinja. Amaima pa Ilha dos Portugueses pafupi ndi Inhaca, ku Pomene, mwina ku Maputo, ndipo ulendo wonse ndi wamasiku ochepa chabe. Okweramo ambiri ndi mabanja a ku Joni ofuna kupuma basi. Analipiriratu zonse, chakudya ndi pogona zili m'sitima momwemo, ana ali ndi posewera, chikwama amachimasula kamodzi. Akatsika m'mawa, dzuwa lisanalowe abwereramo. Munthu wotereyu simungabwere naye kuno. Kuchokera ku Beira kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 600, ndiye muwonjezeponso ena ngati 150 kuti mufike ku Songo, tauni ya pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Ngakhale kugombe komwe amatsikako, ogulitsa ziboliboli ndi ansomba amangotola nyenyeswa, poti mlendo wadya kale ndipo akagona m'sitima.

Komabe pali chomwe tingatolepo. Anthu amenewa amalipirira mtendere wamumtima: kudziwiratu mtengo, nthawi yonyamuka, ndi amene akawalandire. Apa mpomwe ife timalephera. Mlendo atsike pa bwalo la ndege la Chingodzi lero, amuuza ndani kuti boti lodalirika lili kuti, lili ndi majekete oyandamitsa kapena ayi, nanga akagona pati?

Chifukwatu zoti aone zilipo zambiri. Nyanja ya Cahora Bassa, yomwe idabadwa atatseka Zambezi mu 1974, ndi yotalika makilomita oposa 200 mpaka kukafika cha ku Zumbo, komwe Luangwa amathira mu Zambezi ndipo Zambia ndi Zimbabwe zili patsidya pomwepo. Mukakhala m'boti m'bandakucha cha ku Chicoa, asodzi a kapenta akuzimitsa nyali zawo, mvuu zikufwenthera m'mbali mwa bango, nkhwazi ili pa mtengo wouma womwe udamira theka, mumvetsa chifukwa chake anthu a ku Zimbabwe ndi ku Joni amadzavutikira mcheni ndi mbedza zawo. Amenewo ndiwo alendo athu. Amagona masiku angapo, amadya pompano, amafuna woyendetsa boti wodziwa pamene pali miyala. Ku nyanja ya Kariba anzathu adazitulukira kale, maboti okhala ndi zipinda zogona ndi bizinesi yaikulu. Onjezanipo ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize amene Loweruka amasowa kopita, ndi abale athu a ku Malawi odutsira pa Zóbuè kapena pa Calómuè.

Kumwera kwa nyanjayi kuli Paki ya Mágoè, yomwe idakhazikitsidwa mu 2013, muli njovu, ng'ona ndi milambe. Pafupi ndi mzinda wa Tete pali tchalitchi chakale cha ku Boroma. Kumtunda kwathu ku Angónia kuli mphepo yozizira ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005. Koma za gule ndichenjeze: eni dambwe ndi mafumu ndiwo anene zoyenera kuonetsa, osati mwini galimoto wobwera ndi alendo.

Chomwe chimandidya mumtima ndi kagawidwe ka ndalama. Ndondomeko yosamalira zachilengedwe ya Tchuma Tchato idayambira ku Bawa, pafupi ndi Zumbo, mu 1994 ndi cholinga choti anthu okhala ndi nyama azidyererako, ndipo malamulo amati magawo 20 pa 100 a ndalama zomwe boma limatolera pa nkhalango ndi nyama zakuthengo azibwerera kumudzi. Mayi yemwe njovu zamuthera mapira usiku umodzi sangaione njovu ngati chuma ndalamazo akapanda kuziona ndi maso ake. Akakwiya, misampha ibwerera m'tchire ndipo mlendo adzapeza kuli zii.

Ndiye ngati muli ndi kampamba, achimwene, musadikire sitima. Pezani mnzanu wa boti labwino, mulembetse ku boma, muphunzitse anyamata awiri Chingerezi chokwanira kulongosola mbalame ndi nsomba, mugwirizane ndi amayi ophika nsima ya pende ndi nyama ya mbuzi ya kuno. Mtengo ukhale umodzi, wolembedwa poyera pa Facebook, wophatikiza mayendedwe, chakudya ndi gawo la mudzi, ndipo gawolo muzilipereka pamsonkhano mfumu ili pomwepo. Muyambe mu Juni kapena Julaye kusanatenthe, poti Okutobala wa kuno mukumudziwa.