Mpopi wa saizi yanji pa mgolo wa mowa?

FUNSO: Ndimafulula mowa wa chimera pakhomo, ndipo chaka chino ndinasiya mbiya n'kugula mgolo wapulasitiki wa malita 200. Pofuna kuleka kutunga ndi chikho, ndinaboola mgolowo chakumunsi n'kuika mpopi wa hafu inchi, wonga wa madzi uja. Mowa umatuluka pang'onopang'ono, pakapita kanthawi mpopiwo umatsekeka, ndipo polumikizira pamangodontha. Kodi ndigule wa saizi yanji? Mayi wa ku Mchinji.

YANKHO: Mayi, mavuto anu ndi awiri ndipo gwero lake ndi losiyana. Kutsekekako kukuchokera ku mtundu ndi kukula kwa mpopi, pamene kudonthako kukuchokera ku bowo limene munaboola.

Mpopi wamadzi wopotokola uja unapangidwira madzi amene amabwera ndi mphamvu kuchokera m'mapaipi. M'kati mwake njira imakhota n'kudutsa pakampata kakang'ono ka pansi pa labala, ndipo ndi pamenepo pamene masese amaunjikana. Mu mgolo, chimene chimakankha mowa ndi kulemera kwake kokha, ndipo mphamvuyo imachepa pamene mowa ukutsika, n'chifukwa chake mpopi wanu umafooka mgolo usanafike pakati. Ku hadiweya mukapemphe mpopi wotchedwa ball valve, umene uli ndi chogwirira chotembenuza kamodzi kokha, ndipo musanalipire muutsekule n'kusuzumiramo: muyenera kuona bowo lowongoka, lalikulu pafupifupi ngati kukamwa kwa mpopiwo.

Saizi yake muisankhe potengera kulimba kwa mowa wanu. Kwa amene amapanga vinyo wa nthochi kapena wa zipatso zina, wosefedwa bwino, hafu inchi ndi wokwanira pa ndowa ya malita 20. Mowa wa chimera ndi wolemera, choncho pa mgolo ngati wanuwo ine ndingasankhe wa inchi imodzi, ndipo sindingatsike kupitirira wa firii kota. Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene maso amaonera, chifukwa paipi ya inchi imodzi (mamilimita 25 m'kati) ili ndi malo odutsa mowa pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya hafu inchi (mamilimita 13). Koma dziwani kuti mowa umayenda molingana ndi malo opapatiza kwambiri panjira yake yonse. Mukaika mpopi wa inchi imodzi kenako n'kulumikiza kapaipi kakang'ono kutsogolo kwake, ndalama zanu zapita pachabe, pakuti masese adzangosamukira pamenepo.

Tsopano za kudontha. Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti dzina la saizi si muyeso wa mazinga a mpopi. Mipopi yambiri yogulitsidwa kuno imatsata muyeso wa ku Britain wotchedwa BSP, ndipo pamuyeso umenewu mazinga a hafu inchi amakwana pafupifupi mamilimita 21 kunja kwake, a firii kota amapitirira pang'ono 26, pamene a inchi imodzi ndi pafupifupi 33. Munthu akaboola mongoyerekeza, makamaka ndi chitsulo chamoto monga ambiri amachitira, bowo limatuluka lopotoka, m'mphepete mwake muli timibulu ta pulasitiki wosungunuka, ndipo palibe labala amene angakhale bwino pamenepo. Pulasitiki wa mgolo ndi wopyapyala moti sangagwire mazinga payekha. Pamafunika cholumikizira chotchedwa tank connector, chimene chimalowa pabowo n'kumangidwa ndi nati, labala ali pakati pa mutu wake ndi khoma la mgolo. Mpopi umapotokoleredwa pa chimenecho mutakulunga tepi woyera uja pamazinga. Natiyo muimange mokwanira koma osapitiriza, chifukwa labala wofinyidwa kwambiri amatumphukira kumbali n'kuyamba kudontha.

Ngati wachibale wakutumizirani zipangizo zochokera ku America, samalani, pakuti kumeneko amatsata muyeso wa NPT. Pa hafu inchi ndi firii kota, mazinga a mitundu iwiriyi amalowana ndithu ngati ndi amodzi, koma maonekedwe a mano ake amasiyana ndipo kawirikawiri pamadontha.

Nkhani ya chitsulo ndiyo sindifuna kuti muitenge mopepuka, popeza mowawu akumwa ndi anthu. Mowa wa chimera ndi wowawasa, ndipo umadya chitsulo cha galivanaizi chija cha mapaipi amadzi. Mipopi ina yachikasu ya mkuwa imakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni m'thupi. Gulani wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wapulasitiki wa madzi akumwa, ndipo mutsimikize kuti mgolo wanu sunasungidwepo mankhwala a kumunda kapena mafuta a galimoto.

Mgolo wanu simufunika kuutaya. Yambani mwagula tank connector, muyeze kunenepa kwake, ndipo pulambala akulitse bowo lakalelo ndi chobowolera chozungulira cha saizi yomweyo, n'kusalaza m'mphepete. Ngati bowolo lili pansi kwambiri, pokhota mgolo, ndi bwino kulitseka ndi pulagi n'kuboola lina pamalo osalala, zala zitatu kapena zinayi kuchokera pansi, kuti nsenga zolemera zizitsalira m'munsi. Mukamaliza, dzazani madzi ndipo agone usiku wonse musanathiremo mowa. Potulutsa mowa muzimasula chivindikiro kuti mpweya uzilowa, ndipo mukatha kufulula kulikonse muzimasula mpopiwo n'kuutsuka ndi madzi otentha, chifukwa masese otsalira m'kati mwake amawawasitsa mowa wotsatira.