Mafunso ndi Mayankho: Tivale Chiyani pa Njinga Yamoto Dzuwa Likamaswa Mtengo?

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaulimi ndipo ndimagwira ntchito m'dera la Ngabu, m'boma la Chikwawa. Tsiku ndi tsiku ndimayenda pa mthuthuthu poyendera alimi, ndipo kawiri pamwezi ndimakwera ku Blantyre. Okutobala akafika jekete imandikanika, moti ndimangovala malaya a manja aafupi kuti mphepo izindiomba. Mayi akunyumba akuti tsiku lina ndidzasiya khungu langa pamsewu. Kodi chilipo chovala choteteza chimene munthu angapirire nacho kutentha kwa kuno kuchigwa?

YANKHO: Bambo, mayi akunyumbawo akunena zoona, ngakhale kuti dandaulo lanu nalonso n'lomveka kwa aliyense amene anaimapo pamsika wa Ngabu masana a Novembala, kutentha kutapitirira madigiri 40. Koma maganizo akuti kuvula ndiko kuzizidwa ayenera kuunikidwa bwino, chifukwa amagwira ntchito ku Dedza kapena ku Mzuzu, osati kwanuko.

Khungu la munthu limakhala lotentha pafupifupi madigiri 33 mpaka 35. Mpweya ukakhala wozizira kuposa pamenepa, mphepo imene imakuombani njinga ikamathamanga imachotsa kutentha m'thupi, ndipo n'chifukwa chake mumamva bwino m'mawa. Mpweya ukatentha kuposa khungu, zinthu zimatembenuka: mphepo ija imayamba kuthira kutentha m'thupi, ndipo mukawonjezera liwiro ndiye kuti mukuwonjezeranso moto. Chimene chimatsala kuti chikuziziritseni ndi thukuta lokha, koma pamkono wosavala thukutalo limauma mofulumira kwambiri, madzi a m'thupi n'kumatha inu osazindikira, kwinaku dzuwa likuwotcha khungu lomwelo. Choncho masana a chilimwe ku Chigwa cha Shire, munthu wovala chovala chopepuka chofika m'mikono amapirira ulendo wautali kuposa mnzake wa malaya a manja aafupi.

Chovala chimene mukufuna ndi jekete yopangidwira njinga yamoto, imene pachifuwa, pamsana ndi mkati mwa mikono ili ndi nsalu ya timabowo ngati ukonde, koma m'mapewa ndi m'zigongono ili ndi nsalu yolimba yosang'ambika msanga, chifukwa amenewa ndiwo malo oyamba kukhudza pansi munthu akagwa. M'masitolo amaitcha jekete ya mesh. Mkati mwake muzikhala zotchingira za mphira m'mapewa, m'zigongono, ndipo ngati n'kotheka pamsana. Musakhulupirire maonekedwe okha, koma muyang'ane kansalu kolembedwa kamene kamasokedwa mkati. Majekete oyesedwa motsatira muyezo wa ku Ulaya amalembedwa EN 17092, ndipo amapatsidwa gulu la AAA, AA kapena A, pamene AAA ndiye wolimba koposa komanso wolemera koposa. Kwa munthu woyenda m'misewu ya kumudzi pa liwiro lochepa, gulu la A kapena AA ndilo loyenera, ndipo ine ndingakonde kuti mugule ya A imene mudzaivala tsiku lililonse kusiyana ndi ya AAA imene idzangokhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Zotchingira za m'zigongono ndi m'mapewa zimalembedwa EN 1621-1, pamene za pamsana zimalembedwa EN 1621-2, ndipo za Level 2 zimachepetsa mphamvu ya kugunda kuposa za Level 1.

Majekete otere amapezeka nthawi zina pa kaunjika, ndipo palibe cholakwika kugula kumeneko malinga muone kuti ulusi sunayambe kumasuka m'misoko, zipi ikutseka bwino, ndipo zotchingira zikadalimo, pakuti kawirikawiri matumba ake amakhala opanda kanthu. Muiyese mutatambasula manja ngati mwagwira mahandulo. Ngati chotchingira chikuyendayenda n'kuchoka pachigongono, jeketeyo yakukulirani, ndipo tsiku la ngozi idzatetezera malo olakwika. Musankhe mtundu wowala, monga wotuwa, woyera kapena wachikasu, chifukwa chovala chakuda chimamwa dzuwa, makamaka mukaima kapena mukamayenda pang'onopang'ono mumchenga.

Jekete ya timabowo ili ndi malire ake. Kutentha kukapitirira madigiri 35, timabowo tija timalowetsa mphepo yamoto yomwe ija. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: nyowetsani malaya a mkati ndi madzi, muwafinye pang'ono, muvale jekete pamwamba pake, ndipo mumangenso kansalu konyowa m'khosi. Madziwo akamauma pang'onopang'ono amatenga kutentha kwa thupi, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa pakhonde. Akauma, muime pa mjigo n'kunyowetsanso. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe pamene mpweya uli wouma, koma mvula ikayamba ndipo kunja kukakhala chinyontho, mphamvu yake imachepa ndithu.

Pa maulendo anu a ku Blantyre mukumbukire kuti mukawoloka mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera chitunda cha ku Thabwa, mumakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa kukwera kotereku. Munthu wonyowa amene wanyamuka kuchigwa madzulo akhoza kufika mumzinda akunjenjemera, choncho muzisunga kajekete kopepuka kotchinga mphepo m'chikwama. Magolovesi musawasiye, chifukwa aliyense akamagwa amatsogoza zikhatho. Pezani achikopa kuchikhatho, okhala ndi timabowo kumwamba ndi lamba womanga padzanja. Thalauza ya jinzi wamba imaposa kabudula, koma imang'ambika msanga pa tala, motero zotchingira maondo zomanga ndi malamba ndi zothandiza.

FUNSO: Ndimachita kabaza wa njinga yamoto pa boma la Mangochi. Helemeti yotseka nkhope yonse imandiphika mutu, ndiye ndinagula chipewa cha pulasitiki chonga cha omanga nyumba, ndipo apolisi akandiona patali amaganiza kuti ndavala helemeti. Anzanga ena amavala helemeti yeniyeni koma osamanga lamba. Pali vuto pamenepa?

YANKHO: Achimwene, vuto lilipo, ndipo si la apolisi ayi. Malamulo a pamsewu m'dziko muno amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale helemeti, koma chifukwa chenicheni chili mkati mwa chipewacho. Helemeti ya njinga yamoto ili ndi chigoba cholimba kunja, ndipo pansi pake pali thovu loumbidwa, lokhuthala, lofanana ndi loyera lija limatetezera wailesi yatsopano m'katoni. Mutu ukagunda pansi thovulo limaphwanyika, ndipo pophwanyikapo limamwa mphamvu imene ikanafika ku ubongo. Chipewa cha omanga nyumba chilibe thovu lotere, chifukwa chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba, osati mutu woombetsedwa pa tala. Akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wambiri mu 2008 anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Anzanu osamanga lamba aja sakupindula ndi ziwerengerozi, popeza helemeti yosamangidwa imavuka munthu akadali m'malere, mutu n'kukafika pansi uli wokha.

Pogula, yang'anani kansalu kosokedwa pa lamba wa pachibwano. Helemeti yoyesedwa motsatira muyezo wa ECE 22.05 kapena watsopano wa 22.06 imakhala ndi chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo, ndipo pamapeto pa manambala ake pamakhala P ngati mbali ya chibwano ndi yoteteza, kapena J ngati ndi yotsegula kumaso. Chizindikiro cha DOT cha ku America chimamatidwa kumbuyo, koma chomata n'chosavuta kukopera, choncho mukanikize mkati ndi chala. Mukapeza kasiponji kofewa kokha, popanda thovu lolimba lija, isiyeni ngakhale itakhala yokongola motani.

Ine ndimalimbikitsa yotseka nkhope yonse ngakhale ku Mangochi, chifukwa chibwano ndi nsagwada ndi malo amene amagunda pansi kawirikawiri. Kutentha kumachepa mukasankha yoyera, yokhala ndi timazenera totseguka pachipumi ndi pachibwano ndiponso potulukira mpweya kumbuyo, komanso yokhala ndi nsalu ya mkati yochotseka kuti muziichapa. Mtundu woyera uli ndi phindu lina: kafukufuku wa ku Auckland, m'dziko la New Zealand, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ovala helemeti yoyera anali ndi chiopsezo chochepa ndi 24 peresenti cha kuvulala pangozi poyerekeza ndi ovala yakuda, ndipo ovala zonyezimira anali ndi chiopsezo chochepa ndi 37 peresenti. Ndiye kuti lifulekita ija si yongosonyeza siteji imene mumaimapo. Mukaima podikira makasitomala, vulani helemeti n'kuiika pamthunzi, osati kuikoleka pa galasi la njinga padzuwa. Ndipo apa ndisiyanitse ndi zimene ndanena za majekete: helemeti ya pa kaunjika musagule, chifukwa thovu limene linaphwanyikapo kamodzi silibwereranso, ndipo kunja sikuonetsa kanthu.

FUNSO: Ndimagulitsa nsomba ndipo ndimakwera kabaza pafupipafupi pakati pa Senga Bay ndi Salima. Kawiri konse ndapsa katumba ndi ekizozi. Kodi ife okwera kumbuyo tizivala chiyani?

YANKHO: Mayi, pepani ndi mabalawo. Pa njinga zambiri ekizozi imakhala kudzanja lamanja, choncho muzikwera ndi kutsikira kumanzere, ndipo miyendo izikhala yophimbidwa ndi thalauza yansalu yokhuthala, imene mukhoza kuvala mkati mwa chitenje ngati mukutero mwa ulemu. Chitenjecho muchikwinye bwino ndi kuchikhalira, chifukwa nsonga yolendewera ikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko imamukokera munthu pansi njinga ikuyenda. Mpango wautali wa m'khosi uli ndi ngozi yomweyo. Mukhale motangadza, mapazi onse awiri ali pa zopondera, osati chammbali. Patapata muziike m'thumba kuti mukavale pamsika, koma panjira muvale nsapato yotseka, makamaka yofika mu akakolo, ndipo zingwe zake muzilowetse mkati. Mukapsanso, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena latuluka matuza pitani kuchipatala.

FUNSO: Masana ndikayenda ulendo wautali kuchokera ku Bangula kupita ku Nsanje ndimamva mutu ndi chizungulire. Kodi ndi helemeti imene ikundichititsa zimenezi?

YANKHO: Helemeti yothina kwambiri ikhoza kupweteketsa mutu, koma chizungulire padzuwa lotere kawirikawiri chimasonyeza kuti madzi ndi mchere zachepa m'thupi. Munthu akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, ndipo pa njinga sazindikira chifukwa mphepo imaumitsa thukutalo nthawi yomweyo. Imwani madzi musananyamuke, muziima pamthunzi pafupifupi ola lililonse n'kumwanso osadikira ludzu, ndipo muziona mkodzo wanu: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, ndiye kuti mwatsalira. Tsiku lotuluka thukuta lambiri, paketi ya Thanzi ORS yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo imabwezeretsa mchere, pamene mowa umangowonjezera vutolo. Ngati ntchito ikulola, yendani m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Mukaona mnzanu akulankhula zosamveka, akudzandira kapena wakomoka thupi lili lotentha kwambiri, mugonekeni pamthunzi, mumuvule helemeti ndi jekete ngati sanachite ngozi, mumuthire madzi thupi lonse kwinaku mukumukupiza, ndipo mufulumire naye kuchipatala. Musamumwetse kanthu ngati sakutha kumeza yekha.